Pikapu Yakale, Injini Yatsopano: Ntchito Yomanga Hot Rod



Kumpoto kwa mzinda wa Los Angeles ku California kuli chipululu chotchedwa Mojave. M'chipululumo muli nyanja zimene zinaphwa kalekale n'kusiya dothi louma gwa, losalala see, lopanda mtengo kapena chulu kwa makilomita ambirimbiri. Ziwiri zodziwika ndi Muroc ndi El Mirage. M'zaka za m'ma 1930, nthawi imene ntchito zinali zosowa ku America ndipo ndalama zinkavuta, anyamata a mumzindawo ankagula Ford zakutha za Model T ndi Model A pamtengo wozizira. Ankazichotsa madigadi, denga, galasi lakutsogolo ndi china chilichonse cholemera, n'kukonza injini usiku kuseri kwa nyumba ya makolo awo. Kumapeto kwa sabata ankalawirira kuchipululu kuja kukaona kuti ya ndani ithamanga kuposa inzake. Galimoto yotere ndi imene amaitcha hot rod: galimoto yakale imene mwini wake waimanganso ndi manja ake kuti ikhale yopepuka, yamphamvu ndi yaliwiro kuposa mmene inatulukira kufakitale.

Poyamba kunalibe dongosolo. Ankanyamuka ambiri nthawi imodzi, wotsogola n'kuutsa fumbi loti akumbuyo osaona kanthu, ndipo anthu ankavulala, ena kufa kumene. Mu 1937 timagulu ta anyamatawa tinagwirizana n'kukhazikitsa bungwe la Southern California Timing Association, kuti galimoto zizithamanga mwadongosolo, nthawi yake izilembedwa, ndiponso ziziyenderedwa zisanaloledwe kunyamuka. Ndikufuna mugwire mfundo imeneyi pachiyambi pomwe. Anthu amene ankakonda liwiro kuposa wina aliyense ndi omwe anayamba kuumirira kuti galimoto iunikidwe kaye.

Chimene chinapatsa moto masewerawa ndi injini ya V8 imene kampani ya Ford inatulutsa mu 1932. Inali ya malita 3.6, ya mahosipawa 65, ndipo mavavu ake anali m'mbali mwa masilinda, n'chifukwa chake mutu wake unali wafulati ndipo anthu amaitcha flathead. Injini za masilinda 8 zinalipo kale, koma m'galimoto za anthu olemera okhaokha. Iyi inafika m'manja mwa munthu wamba, ndipo patangopita zaka zochepa inayamba kupezeka kumalo ogulitsa zitsulo za galimoto zakufa. Amisiri monga Vic Edelbrock anayamba kupanga zipangizo zoti injini imodzi izimwa kumakabuleta awiri, ndipo patapita nthawi Ed Iskenderian anadzatchuka ndi kusula makamushafti. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inaimitsa zonse. Muroc inatengedwa ndi asilikali a ndege, ndipo lero ndi mbali ya Edwards Air Force Base. Koma anyamata aja atabwerako kunkhondo mu 1945 anali ataphunzira kuwotcherera, kusula zitsulo ndi kukonza injini za ndege. Mu Januwale 1948 Robert Petersen anatulutsa magazini yoyamba ya Hot Rod. Mu 1949 anyamata a hot rod anayamba kuthamanga pachigwa cha mchere cha Bonneville ku Utah. Mu 1951 Wally Parks, mkonzi wa magazini ija, anayambitsa National Hot Rod Association n'cholinga chochotsa mipikisano m'misewu ya mumzinda n'kuiika pamalo otetezedwa, pomwe galimoto ziwiri zimapikisana pamtunda wa mamita 402.

Nanga pikapu inalowa bwanji? Inalowera kukhomo la antchito. Ford inayamba kugulitsa pikapu yopangidwiratu kufakitale mu 1925, ndipo kuyambira pamenepo inali galimoto ya mlimi, mmisiri wa matabwa ndi mwini galaja. Kuchipululu kuja pikapu ndi imene inkanyamula matayala, mafuta, madzi ndi mabokosi a masipanala, ndipo ndi imene inkakankha galimoto zampikisano kuti zilire. Mwini galaja akakonzera anthu ena injini tsiku lonse, sakanapirira kuti yake ikhale yofooka. Ankaikamo V8, n'kuitsitsa pang'ono, n'kulemba dzina la galaja pachitseko. Pofika 1958 pikapu inali itakwera mpaka pamwamba penipeni. Chaka chimenecho Ford ya 1929 yotchedwa Ala Kart, yomangidwa pagalaja ya George Barris, inapata chikho cha America's Most Beautiful Roadster pachionetsero cha ku Oakland, ndipo inachipatanso mu 1959.

Amene amamanga masiku ano amakonda kwambiri mitundu iwiri. Wina ndi Chevrolet 3100 ya zaka za 1947 mpaka kuchiyambi kwa 1955, yonyamula theka la tani, ya madigadi obulungira ndi injini ya masilinda 6 ondondozana. Wina ndi Ford F-100 ya 1953 mpaka 1956. Palinso Chevrolet C10, makamaka ya 1967 mpaka 1972. Zinapangidwa zochuluka zedi, moti mpaka lero zikupezekabe m'mashedi a kumafamu, ndipo makampani alipo amene amasindikiza zitsulo zake zatsopano, kuyambira pansi pa kebini mpaka chitseko chakumbuyo.

Tsopano ndifike pachimene ndabwerera. Munthu akamva za hot rod amayamba waganiza injini. Ine ndabwera kudzanena kuti pantchito imeneyi injini ndi yomalizira. Chevrolet ya 1950 inatuluka ndi injini ya malita 3.5 ya mahosipawa pafupifupi 90, ndipo chilichonse m'galimotomo anachiyeza molingana ndi mphamvu imeneyo: chasisi, mabuleki, chiwongolero, masipuling'i, ekiselo. Mukaikamo injini ya mphamvu zowirikiza katatu n'kusiya zinazo mmene zinalili, mwamanga chinthu chothamanga chimene sichitha kuima, kukhota kapena kuteteza munthu ali m'katimo. Mmisiri weniweni amayambira pansi.

Ntchito yoyamba ndi ya maso, musanatulutse ndalama. Pikapu zimenezi zimadyedwa ndi dzimbiri pamalo odziwika: m'makona akumbuyo a kebini mmene mumasonkhana matope, pansi popondapo mapazi, m'munsi mwa zitseko, pomwe kebini imakhalira pachasisi, ndi m'ngalande za padenga. Kumadera a kumpoto kwa America amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, ndipo mcherewo umatha zitsulo. N'chifukwa chake ogula amalolera kuyenda ulendo wautali kukasaka galimoto ku Arizona kapena New Mexico, kouma, komwe dzuwa limawaula penti koma chitsulo n'kukhala chathunthu. Musanyengedwe ndi penti yonyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tengani maginito muyendetse m'munsi mwa bodi: pomwe akukana kugwira, pali fila wokwirira chiboo. Gwadani, lowani kunsi ndi tochi ndi sikuludiraiva, mubaye chasisi. Ndipo nambala ya pachasisi muifanizire ndi ya pamapepala. Galimoto yopanda mapepala ikhoza kukudyerani zaka zingapo ndi ndalama zambiri, kenako n'kukanidwa kuyenda pamsewu.

Pano ndinene maganizo anga pa mkangano wakale. Pali anthu amene amati galimoto yakale iyenera kubwezeredwa ndendende mmene inatulukira kufakitale, ndipo akaona ina itadulidwa mtima umawapweteka. Ndimawamvetsa. Mukapeza pikapu yathunthu, yosagundidwa, ya injini yake yomwe ndi penti yake yomwe, isiyeni, kapena igulitseni kwa munthu amene angaisamale motero. Yotere sidzapangidwanso. Yoyenera gilayinda ndi ija yagona kuthengo zaka zambiri, injini inagwira, pansi panabooka, imene pakanapanda inu ikanapita kukasungunulidwa. Imeneyo mukaimanga mwaipulumutsa.

Mukaifikitsa pagalaja, iphwasuleni yonse mpaka patsale chasisi chokha. Jambulani chilichonse musanamasule. Mabawuti a chitseko alowe m'kathumba kawokawo, kolembedwa. Ambiri amene amalephera ntchitoyi salephera chifukwa chosowa luso. Amalephera chifukwa pakatha zaka ziwiri sakumbukiranso kuti kachitsulo kali m'manja kanachokera pati, ndipo galimoto imagulitsidwa ili m'mabokosi.

Chasisi cha pikapu zakalezi ndi mipanda iwiri ya chitsulo chopindidwa ngati chilembo C, yolumikizidwa ndi zitsulo zopingasa zomangidwa ndi maliveti. Anachipanga dala kuti chizitha kupotoka pang'ono, popeza galimotoyo inkayenda m'minda ndi m'misewu ya mabampu itasenza katundu. Injini yamphamvu ikachikoka mwadzidzidzi chimapotoka mopitirira, zitseko zimayamba kukana kutseka, ndipo ming'alu imabadwa. Choyamba muchiyeze modutsa, kuchokera kona yakutsogolo kumanzere kufika yakumbuyo kumanja, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyo ikasiyana, chasisi n'chokhota, ndipo chiwongoledwe musanachite china chilichonse. Mukatero mumawotcherera chitsulo chotseka kukamwa kwa C uja kuti mpanda ukhale bokosi. Powotcherera pamafunika kudekha. Mumawotcha pang'ono apa, n'kudumphira kutali, n'kupita mbali ina, n'kulola kuti pazizire. Wowotcha mzere umodzi wautali osapuma amapinda chasisi ndi moto wake womwe, ndipo chimene anachilandira chowongoka amachibweza chokhota.

Kutsogolo, pikapu za zaka zimenezo zili ndi ekiselo imodzi yolimba yolumikiza matayala onse awiri, yokhala pamasipuling'i a zitsulo zosanjikiza, monga mmene zilili lole zathu. Tayala lina likagwera m'dzenje, linzake limamva. Pali njira zingapo. Ena amasunga ekiseloyo, n'kusintha makingipini ndi mabushi, n'kuika ina yopindidwa kuti galimoto itsike. Imeneyi ndi njira ya makolo a ntchitoyi, ndipo ikachitidwa bwino ndi yabwino ndithu. Ambiri amadula zonse n'kuika miyendo yoti tayala lililonse liziyenda palokha, yotengera kapangidwe ka Ford Mustang II ya 1974 mpaka 1978. Galimoto imeneyo inali yaing'ono, ndipo zitsulo zake zenizeni sizinapangidwire kulemera kwa pikapu, choncho omanga osamala amagula zopangidwa mwatsopano zonenepa. Eni F-100 ena amatenga kutsogolo konse kwa Ford Crown Victoria ya 2003 kupita m'tsogolo, galimoto imene inali ya apolisi ndi matakisi ku America, chifukwa kumamasuka pamodzi ndi mabuleki ndi chiwongolero. Vuto lake n'kotambalala, moti matayala amafuna kutulukira kunja kwa madigadi. Eni Chevrolet 3100 ena amachotsa chasisi chonse n'kukhazika bodi yakale pachasisi cha Chevrolet S-10, popeza mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo umasiyana ndi masentimita pafupifupi 5 okha.

Njira iliyonse imene mwasankha, pali mayeso amodzi amene simuyenera kuwadumpha. Ikani galimoto pajeke, chotsani sipuling'i, kwezani ndi kutsitsa tayala ndi manja muli kuyang'ana kumene laloza. Ngati likukhotera m'kati kapena kunja pamene likukwera, chiwongolero osachigwira, ndiye kuti mkono wa chiwongolero ndi mikono ya tayala sikuyenda mogwirizana. Galimoto yotere ikaponda bampu pa liwiro imadzikhotera yokha. Pagalaja kusiyanako kumaoneka ngati mamilimita ochepa. Pamsewu ndi kumene kumaponya munthu kudzenje.

Za mabuleki ndilankhulapo motalika pang'ono, chifukwa apa ndi pamene pagona moyo. Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumene mabuleki ayenera kumeza kumawirikiza kanayi. Galimoto imene inkayenda makilomita 60 pa ola ikayamba kuyenda 120, mabuleki ake apatsidwa ntchito ya galimoto zinayi. Madilamu akale amatentha, amafufuma n'kutalikirana ndi nsapato zake, phazi limamira, galimoto osaima. N'chifukwa chake kutsogolo mumaika madisiki, popeza pomanga mabuleki kulemera kumathamangira kutsogolo. Koma choopsa kuposa madilamu ndi master cylinder. Yakale ili ndi chipinda chimodzi chodyetsa matayala onse anayi. Kapaipi kamodzi kakangoboola, mafuta onse amatayika ndipo mulibe buleki ngakhale imodzi. Boma la America linalamula kuti kuyambira 1968 galimoto zatsopano zikhale ndi njira ziwiri zosiyana za mafuta, kuti ina ikafa inzake itsale. Pikapu iliyonse yakale iikidwe yotero, ngakhale mwini wake sakufuna kusintha injini. Mapaipi onse akhale atsopano, achitsulo, omangidwa bwino kuchasisi, otalikirana ndi ekizozi. Muikenso kavavu kochepetsa mphamvu yopita kumbuyo. Pikapu yopanda katundu imapepuka kumbuyo, ndipo matayala akumbuyo akayamba kugwira akutsogolo asanagwire, galimoto imazungulira.

Kumbuyo, Chevrolet za theka la tani mpaka 1954 zinali ndi shafti yotsekeredwa m'paipi, yolumikizana ndi difu, ndipo siigwirizana ndi giyabokosi ya masiku ano. Magiya a m'difu yakenso ndi a galimoto yokoka katundu, moti pamsewu waukulu injini imangokuwa. Ambiri amaika ekiselo ya Ford yotchedwa 9-inch, imene inayamba kupangidwa mu 1957, chifukwa ndi yolimba ndipo magiya ake amasinthika mosavuta. Poiika muonetsetse kuti mphuno ya difu ndi mchira wa giyabokosi zapendekeka mofanana, apo ayi galimoto idzanjenjemera ndipo mudzasintha majoini a shafti mosalekeza osapeza chifukwa. Mukafuna kuitsitsa kwambiri, ekiselo imayamba kugunda chasisi, ndiye mumadula mpata pamwamba pake n'kuulimbitsa ndi chitsulo chonenepa. Apa pali lamulo limene oyendera galimoto zotere amaliumirira. Yerekezerani kuti tayala laphulika, galimoto yakhalira limu. Pasakhale chitsulo china chilichonse chogunda pansi limu isanagunde, kaya ndi thanki, sampu kapena mkono wa chiwongolero. Chikakhalapo, tsiku lophulika tayala galimoto idzatsetsereka pachitsulocho ndipo woyendetsa adzangogwira chiwongolero chopanda ntchito.

Mukatsegula chitseko cha pikapu zambiri za nthawi imeneyo n'kupinda mpando, mupeza thanki ya petulo itaima kumsana kwa dalaivala, m'kebini momwemo. Chevrolet inachita zimenezi mpaka 1972. Ichotseni, muike ina kunsi kwa bokosi lakumbuyo, pakati pa mipanda ya chasisi. Chiwongolero chakale ndi ndodo imodzi yachitsulo yochokera kutsogolo kwa galimoto kuloza pachifuwa cha woyendetsa. Ikani chamakono chimene chimafupika pangozi. Malamba munalibe. Aikeni, ndipo mabawuti ake agwire pachitsulo cholimbitsidwa, chifukwa lata la pansi pa kebini limangong'ambika. Mawaya akale anakutidwa ndi nsalu imene pano inafumbwa, ndipo magetsi ake anali a mavoti 6 mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1950. Musawalumikize, achotseni onse, muyale atsopano a mavoti 12 okhala ndi mafyuzi. Galimoto zambiri zomangidwa mokongola zapsa chifukwa cha waya umodzi wokhudza chitsulo.

Mukafika apa, ndiye tingakambe za injini. Amene amakonda za makolo amasunga flathead, n'kuiveka mitu ya aluminiyamu ndi makabuleta awiri kapena atatu a Stromberg. Mphamvu zake n'zochepa poyerekeza ndi za lero, ndipo imakonda kutentha chifukwa utsi wake umadutsa m'kati mwa buloko usanatuluke, koma kulira kwake kulibe kofanana nako. Mu 1955 Chevrolet inatulutsa V8 yaing'ono ya malita 4.3, ntchito imene anaitsogolera Ed Cole. Inali yopepuka, yofupika ndi yotchipa, ndipo mng'ono wake wa malita 5.7, amene anabwera mu 1967, analowa m'ma hot rod ochuluka mwina kuposa injini ina iliyonse, a Ford omwe. Masiku ano ambiri akutenga injini za banja la LS, zimene zinayamba mu 1997, makamaka ya malita 5.3 ya m'mapikapu a Chevrolet a 1999 kupita m'tsogolo. Imapezeka motchipa kugalimoto zangozi, imapereka mahosipawa oyandikira 300 isanakhudzidwe n'komwe, ndipo mafuta amayezedwa ndi kompyuta, choncho imalira m'mawa mosavuta ndipo simwa kwambiri.

Mukandifunsa ine, 300 ndi zokwanira ndi kutsalako. Pikapu kumbuyo ilibe kulemera, ndipo mphamvu zoposa pamenepo zimangothera mu utsi wa matayala. Ndalama zimene mukanagulira mahosipawa ena muziike pa redieta yabwino, pa giyabokosi yokhala ndi giya yopumitsa injini pamsewu waukulu, ndi pa matayala. Kuika injini kumafunanso kuyeza mobwerezabwereza. Imalowa ndi kutuluka kangapo musanawotcherere zoikhazikapo, chifukwa ekizozi imalimbirana malo ndi chiwongolero, sampu imalimbirana ndi ekiselo, ndipo fani imafuna mpata pakati pa iyo ndi redieta.

Bodi ndi imene anthu amaona, ndipo ndi imene imadya nthawi yambiri. Podyedwa ndi dzimbiri pamadulidwa mpaka pachitsulo chamoyo, n'kuikapo chigamba cha lata lonenepa mofanana, chokumana mlomo ndi mlomo. Chigamba chosanjika pamwamba chimasunga madzi pakati, ndipo dzimbiri limabwerera. Lata lopyapyala mumaliwotcherera kadontho kamodzikamodzi, n'kumenya ndi hamala kadakali kofunda kuti lisakwinyike. Amisiri akale ankasalaza ndi mtovu wosungunula. Lero pali fila, ndipo ntchito yake n'kusalaza timizere totsala, osati kutseka ziboo. Ofuna maonekedwe aukali amadula mizati ya kebini n'kutsitsa denga masentimita angapo. Zimamveka zophweka, koma mizati imapendekera m'kati, moti denga mukalitsitsa silikumananso ndi mizati yake, ndipo mumayenera kulidula n'kulikuza. Muganizirenso galasi musanadule chitsulo. Galasi lafulati la magawo awiri omatidwa limadulika. Lopindika, monga lija lozungulira la F-100 ya 1956, ndi lovuta kwambiri. Lija lolimbitsidwa ndi moto silidulika n'komwe, limangophwanyika tizidutswa. Kebini ya pikapu ndi yopanikiza kale, choncho khalani pampando muyeze mutu wanu musanayatse gilayinda.

Pansi pa bokosi lakumbuyo panali matabwa, a paini pa Chevrolet, olekanitsidwa ndi timizere tachitsulo. Ambiri lero amaika matabwa olimba opaka vanishi. Pa penti pali magulu awiri. Ena amapopera yonyezimira, ena amasunga yakale yowauka ndi dzina la famu likuonekabe pachitseko, n'kubisa zatsopano zonse kunsi. Ine ndimakonda yachiwiriyi ikakhala yeniyeni, chifukwa imasonyeza kuti galimotoyi inagwirapo ntchito. Yochita kupenta kuti ioneke yakale sindiikonda. Ndipo inu amene mudzapopera penti ya magawo awiri osakaniza, dziwani kuti muli mankhwala otchedwa isocyanate amene amawononga mapapo, ndipo kansalu kapamphuno sikawatchinga.

Mwina wina akuti zonsezi n'za kutali. Pikapu za ku America zimenezi kuno n'zosowadi. Koma ku South Africa ziliko, chifukwa Ford ndi General Motors anatsegula mafakitale olumikiza galimoto ku Port Elizabeth m'zaka za m'ma 1920, ndipo zina zinatuluka ndi chiwongolero kumanja ngati zathu. Abale athu ogwira ntchito m'magalaja a ku Johannesburg amaziona. Amaonanso ka Nissan 1400, kamene kanapangidwa ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria mpaka 2008, kataikidwa injini zoposa msinkhu wake, ndi mapikapu ena atavekedwa V8 ya Lexus ya malita 4. Ndipo kuno kwathu kusintha injini n'chinthu cha tsiku ndi tsiku. Pikapu ya petulo imalandira injini ya dizilo, minibasi imalandira injini ya galimoto ina. Sitizitcha hot rod, koma mafunso ake ndi omwewa: kodi chasisi chisenza, mabuleki akwanira, shafti yaima bwino, mawaya ali ndi mafyuzi? Kusiyana n'kwakuti wa ku California nthawi zambiri amakwera yekha kapena ndi mnzake mmodzi, pamene yathu imanyamula amayi opita kumsika ndi ana awo. Kumbukiraninso kuti nambala ya injini inalembedwa m'bulubuku. Mukasintha injini, mwini galimoto akadziwitse a Road Traffic kuti mapepala agwirizane ndi chitsulo.

Tsiku loliza koyamba lisakhale la chikondwerero. Chozimira moto chikhale pafupi, mnzanu mmodzi ayang'ane geji ya oilo, wina asuzumire kunsi kuona ngati pali chodontha. Oilo akapanda kukwera m'masekondi ochepa, zimitsani. Ulendo woyamba ukhale wa pabwalo lopanda anthu, pa liwiro la munthu woyenda pansi, ndipo chinthu choyamba kuyesa ndi buleki. Kenako onjezerani pang'ono, mumange mwamphamvu, muone ngati ikukokera mbali kapena ngati akumbuyo akuyamba kugwira. Bwererani pagalaja, ikwezeni pajeke, muyendere bawuti lililonse la miyendo, chiwongolero ndi matayala ndi sipanala yoyeza mphamvu, ndipo lililonse mwamanga mulilembe kadontho ka penti kuti likadzasuntha mudzaone. Muchitenso chimodzimodzi ikayenda makilomita 100 oyamba, chifukwa masipuling'i atsopano amakhazikika ndipo mabawuti amalefuka. Mwini wake adzakhala akukuumirizani kuti mumupatse makiyi. Musamupatse musanamalize zimenezi.